Alexander Fleming, mwana wa mlimi amene anatulukira penisilini

Kapisozi wa amokisilini amene amaperekedwa mwana akadwala chibayo, ndi jakisoni wa penisilini amene mlangizi wa ziweto amabaya ng'ombe yotupa bere, ndi mankhwala a fuko limodzi. Chiyambi chake ndi kambale kagalasi kamene kanachita chuku mumzinda wa London, ku England, m'chaka cha 1928. Mwini kambaleko anali malemu Alexander Fleming, dokotala amene anakulira pafamu ya nkhosa. Atatchuka, bambo amenewa anachenjeza kuti mankhwalawa akamaperekedwa operewera, tizilombo tidzawazolowera n'kusiya kufa. Pasanathe zaka 10, mafamu akuluakulu a ku America ndi ku Ulaya anali atayamba kuthira mankhwala omwewo, pang'onopang'ono, m'zakudya za nkhuku ndi nkhumba zosadwala. Mkangano wa malamulo oyendetsera mankhwala a ziweto unayambira pamenepo, ndipo lero wafika mpaka m'makola a ku Molumbo.

Alexander anabadwa pa 6 Ogasiti 1881 pafamu yotchedwa Lochfield, pafupi ndi tauni ya Darvel ku Scotland. Ndi dera lamapiri, lozizira komanso lamvula, kumene anthu amadalira nkhosa ndi ng'ombe. Bambo ake, a Hugh Fleming, anabereka ana 8 m'maukwati awiri, ndipo Alexander anali wachiwiri kwa chitsiriza. Bambowo anamwalira iye ali ndi zaka pafupifupi 7. Famu inatsala m'manja mwa mayi ake, a Grace, ndi mkulu wake wamkulu. Mwanayu anakula akuthandiza kuweta nkhosa, akusaka akalulu ndi kugwira nsomba ndi manja m'timitsinje. Popita kusukulu ya ku Darvel ankayenda wapansi mtunda woposa makilomita 6, pobwerera chimodzimodzi. Amene analemba mbiri yake amanena kuti diso lake loona tinthu ting'onoting'ono timene ena amangotidutsa linanoledwa kubusa komweko.

Famu imodzi sikanadyetsa ana onse. Ali ndi zaka pafupifupi 14 anapita ku London kukakhala ndi mkulu wake Tom, amene anali kale dokotala. Anaphunzira pang'ono, kenako anagwira ntchito ya ukalaliki kwa zaka 4 pakampani ya sitima zapamadzi, ntchito imene sinamusangalatse. Mwayi unabwera ali ndi zaka 20, pamene analandira kandalama ka masiye kuchokera kwa mbale wa makolo ake. Ndalamazo anazilowetsa m'maphunziro a udokotala pachipatala cha St Mary's, ndipo anamaliza mu 1906. Pachipatala chimenechi ndi pamene anagwira ntchito moyo wake wonse, m'labotale ya Almroth Wright, katswiri wa katemera.

A Fleming anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo anzawo ankawadziwa kuti tebulo lawo silikhala loyera. Mu 1915 anakwatira namwino wa ku Ireland, Sarah McElroy, ndipo anabereka mwana mmodzi, Robert, amene nayenso anadzakhala dokotala.

Nkhondo yoyamba yapadziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, inawatengera ku Boulogne m'dziko la France, kumene ankayeza mabala a asilikali. Nkhondoyo inkamenyedwera m'minda imene kwa zaka zambiri inkathiridwa manyowa a ziweto. Chipolopolo chikalowa m'thupi chinkalowa ndi dothi ndi nsanza za yunifolomu, motero asilikali ambiri amene anapulumuka kuchipolopolo ankafa ndi kafumbata kapena kuwola kwa bala. Madokotala ankathira mankhwala amphamvu otsukira mabala. A Fleming anasonyeza kuti pabala lakuya mankhwalawo sankafika kumene tizilombo tabisala, koma ankapha asilikali a m'magazi amene thupi limadzitetezera nawo. Iwo ndi a Wright ankalimbikitsa kuchotsa mnofu wakufa ndi kutsuka bala ndi madzi amchere. Madokotala ambiri sanawamvere. Kuchokera kunkhondo, funso lawo linali limodzi: kodi angapezeke mankhwala opha tizilombo osapweteka thupi la wodwala?

Kumapeto kwa 1921, akudwala chimfine, anaika kamamina kawo pambale imene ankameretsapo mabakiteriya. Patapita masiku anaona kuti pozungulira maminawo mabakiteriya ena asungunuka. Chinthu chosungunulacho anachitcha lysozyme, ndipo anachipezanso m'misozi, m'malovu ndi m'choyera cha dzira la nkhuku. Pofuna misozi yoyezera, anthu a m'labotale ankadzifinyira madzi a ndimu m'maso. Tsoka ilo, lysozyme sankapha mabakiteriya oyambitsa matenda oopsa, ndiye dziko silinachite nazo chidwi.

Mu Ogasiti 1928 a Fleming anapita kutchuthi ndi banja lawo, n'kusiya mbale za mabakiteriya otchedwa Staphylococcus zitaunjikidwa pakona. Amenewa ndi mabakiteriya oyambitsa zithupsa ndi mafinya, ndipo pang'ombe amatupitsa bere. Atabwerako kumayambiriro kwa Sepitembala anapeza mbale imodzi itachita chuku. Wina aliyense akanangoiponya m'madzi otsukira. Iwo anaiyang'anitsitsa, n'kuona kuti pozungulira chukucho panali poyera, mabakiteriya atafa. Anachimeretsa padera, napeza kuti ndi cha mtundu wa Penicillium, ndipo madzi otuluka m'chukucho anawatcha penisilini. Anawayesa pa mabakiteriya a chibayo, a chinzonono ndi ena, ndipo ankafa. Pa mabakiteriya a tayifodi sankagwira. Atabaya kalulu ndi mbewa, nyamazo sizinavulale. Zimenezi anazisindikiza mu 1929.

Apa mbiri imafunika kunenedwa mosakondera. A Fleming anatulukira penisilini, koma sanaisandutse mankhwala. Madziwo ankatha mphamvu msanga, ndipo kuwayeretsa kunkafuna akatswiri osakaniza mankhwala amene iwo analibe. Kwa zaka pafupifupi 10 nkhaniyi inangogona, ngakhale kuti chukucho anachisunga chamoyo ndi kugawirako ma labotale ena. Amene anainyamula anali gulu la payunivesite ya Oxford: Howard Florey wa ku Australia, Ernst Chain amene anathawa ulamuliro wa Hitler ku Germany, ndi Norman Heatley, munthu wa luso la manja amene ankameretsa chuku m'zitini, m'mabotolo ngakhale m'ziwiya zimene odwala amadzithandiziramo pabedi. Mu Meyi 1940 anabaya mbewa 8 mabakiteriya akupha. Zinayi anazipatsa penisilini, zinayi ayi. Kutacha, zosapatsidwa zija zinali zitafa, zopatsidwa zili moyo.

Mu Febuluwale 1941 anayesa pa wapolisi wina wa zaka 43, Albert Alexander, amene mafinya anali atamudya kumaso mpaka kuchotsedwa diso. Patangopita masiku ochepa anayamba kupeza bwino. Koma mankhwala anali ochepa kwambiri, moti madokotala ankasefa mkodzo wake kuti apezemo penisilini wom'bayanso. Mankhwala atatheratu matenda anabwerera, ndipo anamwalira mwezi wotsatira. Anafa chifukwa mankhwala anatha matenda asanathe.

Chimene chinachulukitsa penisilini ndi chimanga. Florey ndi Heatley anapita ku America, kulabotale ya unduna wa zaulimi mumzinda wa Peoria. Kumeneko kunapezeka kuti chukucho chimabereka kwambiri chikamadyetsedwa madzi otsala ponyika chimanga m'mafakitale, madzi ofanana ndi matsukwa. Mu 1943 anapezanso mtundu wa chuku wobereka koposa pa vwende lowola la pamsika. Pofika 1944 penisilini anali wokwanira asilikali ovulala pankhondo yachiwiri. Atolankhani atayamba kufunafuna mwini nkhani, a Florey anawakana pakhomo, pamene a Fleming anawalandira. Ndi chifukwa chake dzina limodzi lokha ndi limene linamveka padziko lonse, zimene zinawawa anthu a ku Oxford. Mu 1944 mfumu ya Britain inapatsa a Fleming ulemu wa Sir, ndipo mu 1945 mphoto ya Nobel inagawidwa kwa atatu: Fleming, Florey ndi Chain. A Heatley, amene manja awo anagwira ntchito yaikulu, sanalandire nawo.

Polandira mphotoyo ku Stockholm mu Disembala 1945, a Fleming sanangothokoza. Anafotokoza kuti m'labotale n'kosavuta kuphunzitsa mabakiteriya kupirira penisilini: ungowapatsa mlingo wosakwanira kuwapha. Ananeneratu kuti idzafika nthawi imene munthu aliyense adzatha kugula penisilini m'sitolo, ndipo munthu wosadziwa adzamwa wochepa. Anapereka chitsanzo cha bambo wodwala pakhosi amene wamwa mankhwala operewera, tizilombo take n'kulimba, kenako n'kupatsira mkazi wake. Mkaziyo akudwala chibayo, madokotala akum'patsa penisilini, koma sakugwira, mpaka kumwalira. Mlandu wa imfayo, malinga ndi a Fleming, ndi wa bambo uja.

Mlimi amene anathirapo mankhwala ochepa m'thumba la chimanga amadziwa mmene zimakhalira. Anankafumbwe ofooka amafa, olimba amatsala, ndipo ndi otsalawo amene amaswana. Mabakiteriya amachita chimodzimodzi, koma mothamanga kwambiri, chifukwa ena amagawikana pawiri pamphindi 20 zokha. Choopsa china n'chakuti amatha kupatsirana luso lopirira mankhwala ngakhale ali a mitundu yosiyana. Bakiteriya wa m'matumbo a nkhuku akhoza kupatsira lusolo bakiteriya wodwalitsa mwana. Njira yake ndi zitosi pabwalo pamene mwana akukwawa, manyowa m'dimba, madzi a pachitsime, ndi manja a munthu amene watumbula nkhuku.

Poyamba dziko la Britain linaoneka ngati lamva. Mu 1947 linakhazikitsa lamulo loti penisilini azigulitsidwa pokhapokha pali kalata ya dokotala, kaya wa anthu, wa mano kapena wa ziweto. Madokotala a ziweto anali atayamba kale kuchiza naye mabere otupa a ng'ombe zamkaka, ndipo palibe amene ankatsutsa zochiza chiweto chodwala.

Zinthu zinatembenuka chakumapeto kwa 1948 ku America. Akatswiri awiri a kampani ya mankhwala ya Lederle, Thomas Jukes ndi Robert Stokstad, ankafuna njira yotsika mtengo yopezera anapiye vitamini B12. Anawadyetsa zotsalira za m'matanki opangira mankhwala otchedwa aureomycin, a fuko la tetrasaikilini. Anapiyewo anakula msanga kuposa mmene vitamini yekha akanawakulitsira. Chimene chinkawanenepetsa chinali kamankhwala kochepa kotsalira m'zinyalalazo. Nkhaniyi inalengezedwa mu 1950, ndipo mu 1951 boma la America linaloleza kusakaniza mankhwala amenewa m'zakudya za ziweto popanda kalata ya dokotala. Mu 1953 Britain nayo inafewetsa lamulo lake kuti penisilini ndi aureomycin azithiridwa pang'ono m'zakudya za nkhumba ndi nkhuku. Nkhondo inali itangotha, nyama inali yosowa, ndipo boma lililonse linkafuna chakudya chotsika mtengo. Koma mlingo wonenepetsera ziweto unali ndendende umene a Fleming anauopa: wochepa, wa tsiku ndi tsiku, woperekedwa kwa ziweto miyandamiyanda.

Zotsatira zake zinayamba kuoneka cha m'ma 1964 mpaka 1966, pamene matenda otsegula m'mimba a Salmonella anafala pakati pa ana a ng'ombe ku Britain n'kulowa mwa anthu. Katswiri wina wa boma, E. S. Anderson, anasonyeza kuti tizilomboto tinali titasiya kumva mankhwala angapo nthawi imodzi. Boma linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Michael Swann, mkulu wa yunivesite ya Edinburgh. Lipoti lake la mu 1969 linalekanitsa zinthu ziwiri zimene mpaka lero ndiye msana wa malamulo a nkhaniyi. Kuchiza chiweto chodwala n'kololedwa, koma pakhale dokotala wa ziweto. Kunenepetsa chiweto ndi mankhwala amene anthu amawadalira kuchipatala, monga penisilini ndi tetrasaikilini, kuleke. Dziko la Sweden linaletsa mankhwala onse onenepetsera mu 1986, ndipo chodabwitsa n'chakuti alimi eni ake ndi amene anapempha lamulolo, poopa kuti ogula ataya chikhulupiriro pa nyama yawo. Mayiko a European Union analetsa kuyambira pa 1 Januwale 2006. Ku America kumene zinayambira, mankhwala ofunika kwa anthu anasiya kuloledwa ngati onenepetsera mu 2017. M'chaka chomwecho bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mayiko onse kuti asiye kupatsa mankhwalawa ziweto zosadwala.

Kuchedwa konseku kuli ndi mtengo wake. Kafukufuku wamkulu amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, imfa zimenezi zinachuluka kwambiri mu Africa ya kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Si zonse zimene zinachokera kuziweto, poti anthu nawonso amamwa mankhwalawa mosasamala, koma khola ndi chipatala zimatungira pachitsime chimodzi cha mankhwala. Malawi inalemba ndondomeko yake yolimbana ndi vutoli ya 2017 mpaka 2022, ndipo Mozambique inakhala ndi yake ya 2019 mpaka 2023. Zonse ziwiri zinaphatikiza umoyo wa anthu ndi wa ziweto. Boma la Britain linakhazikitsanso thumba la ndalama lotchedwa Fleming Fund, limene linathandiza ma labotale a ku Malawi ndi ku Zambia kuyeza tizilombo tosamva mankhwala.

Ku Molumbo ndi ku Milange kulibe mafamu a nkhumba zikwizikwi ngati a ku America, koma chenjezo la mu 1945 likukhudza kuno mwa njira yake. Soya wolimidwa kuno ndi ku Gurué amakathera m'zakudya za nkhuku za nyama, ndipo ulimi wa nkhuku zimenezi ukulowa m'matauni ang'onoang'ono. Ena mwa mapaketi a ufa wothira m'madzi a anapiye, amene anthu amangowatcha mavitamini, amakhalanso ndi oxytetracycline, ndipo dzinalo limalembedwa papaketipo. Kumudzi, chitopa chikagwa, ambiri amatsegula makapisozi a anthu n'kuthira m'madzi a nkhuku. Chigodola chikalowa m'khola la nkhumba, amathamangira jakisoni. Matenda awiri onsewa amayamba ndi mavairasi, ndipo penisilini, amokisilini kapena tetrasaikilini sapha vairasi. Ndalama imapita, ziweto zimafa ndithu, ndipo mabakiteriya a m'matumbo mwa zotsalazo amakhala alawa mankhwala ochepa aja. Chitopa chimapewedwa ndi katemera wa I-2, wodontheza m'diso, amene amaperekedwa katatu pachaka, kawirikawiri mu Malichi, Julayi ndi Novembala. Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala. Chimaletsedwa ndi kutsekera nkhumba m'khola ndi kusayendetsa nkhumba kapena nyama yake kuchokera kumene kwagwa matenda.

Mlimi wothira kapisozi m'madzi sachita zimenezi chifukwa chopusa. Nkhuku ndiye makope a mwana wasukulu, mbuzi ndiye thumba la feteleza, ndipo munthu sangakhale manja lende chuma chake chikufa. Lamulo la Swann linalembedwa m'dziko limene dokotala wa ziweto amafika pafamu tsiku lomwelo. Kuno mlangizi wa ku SDAE amayang'anira midzi yambiri yotalikirana, misewu imavuta nthawi yadzinja, pamene wogulitsa makapisozi ali pamsika uliwonse ndipo safunsa kalata ya dokotala, imene kuno imadziwika kuti receita. Malire nawonso ndi otseguka: mankhwala, nkhuku ndi mbuzi zimaoloka uku ndi uku, zina pa meticais zina pa makwacha. Lamulo lokhwima mbali imodzi yokha, kapena lamulo lopanda alangizi ndi katemera wofika pa nthawi yake, lidzangokhala papepala.

Komabe pali gawo la lamulo limene lili kale m'manja mwa mlimi, lolembedwa pabotolo. Pamakhala mlingo woyenera kulemera kwa chiweto, masiku obaya, ndi masiku odikira chiweto chisanaphedwe kapena mkaka ndi mazira ake zisanadyedwe. Pamabotolo a Chipwitikizi masiku odikirawo amalembedwa kuti intervalo de segurança, ndipo pa ochokera ku Malawi amalembedwa kuti withdrawal period. Kusiya kubaya chifukwa mbuzi yayamba kudya, kapena kugawa botolo la ng'ombe imodzi kwa ng'ombe zitatu, ndi nkhani yomweyo ya bambo wodwala pakhosi uja. Kupha msanga chiweto chimene chabayidwa dzulo n'kukagulitsa nyama pamsika ndiye kumwetsa mudzi wonse mankhwala operewera.

A Fleming sanaone lipoti la Swann kapena malamulo amene anatsatira. Zaka zawo zomaliza zinathera m'maulendo, akulandira ulemu m'mayiko ambiri. Ku Madrid, m'dziko la Spain, anthu a masewera olimbana ndi nkhunzi za ng'ombe anadzawaimikira chipilala, chifukwa penisilini anapulumutsa ambiri a iwo ku mabala a nyanga. Mkazi wawo Sarah anamwalira mu 1949, ndipo mu 1953 anakwatira dokotala wa ku Greece, Amalia Voureka, amene ankagwira naye ntchito ku St Mary's. M'mawa wa pa 11 Malichi 1955 anamva kudwala ali kunyumba kwawo ku London. Mkazi wawo anaitana dokotala, koma iwo anauza dokotalayo pafoni kuti asathamange, ayambe waona odwala ena. Anamwalira ndi matenda a mtima dokotalayo asanafike, ali ndi zaka 73. Phulusa la thupi lawo linaikidwa m'tchalitchi chachikulu cha St Paul's mumzinda wa London.